Mutu wa Chinjoka cha ku Tai Sha

Mutu wa chinjoka cha mudzi wa Tai Sha unabedwa dzuwa likuswa mtengo, Lachiwiri, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti mpikisano wa mabwato uchitike.

Tsikulo amuna onse anali kumtsinje, kufukula bwato m'matope momwe limagona chaka chonse kuti lisang'aluke. Akazi anali kubwalo, kuphika. Kukachisi kunatsala Azakhali a Mak okha, mayi wa zaka 74 amene ankasesa ndi kuyatsa lubani. Mutuwo, umene amauveka kutsogolo kwa bwato, unali paguwa pomwe wakhala zaka zoposa zana: wofiira, wa nyanga za gwape, wa ndevu zoyera zazitali.

Cha m'ma 11 koloko panja panaima kagalimoto koyera. Munatsika mwamuna wa magalasi, atavala malaya achikasu olembedwa dzina la kampani ya msuzi wa soya ya a Pun, amene ankathandiza timu ya mudziwo.

"Azakhali, mwadya kale? Andituma ndi bwana Pun. Akufuna kujambula mutuwu kuti auike pa chikwangwani. Ndibweza 1 koloko isanakwane."

"A Fok akudziwa?"

"Ndi amene andilozera njira."

Azakhali a Mak anamuthandiza kuukulunga m'nsalu yofiira. Anamupatsanso tiyi.

Nthawi ya 2 koloko a Fok Yiu-ming, woimba ng'oma komanso mtsogoleri wa timu, anafika kukachisi matope ali mpaka m'chifuwa, makombola ali m'manja. Anapeza guwa lili mbee. Atamva nkhaniyo anaimbira foni a Pun, mudzi wonse utawazungulira.

"Ine kutuma munthu?" anakalipa a Pun. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukugulirani nkhafi, ndikukuwotcherani nkhumba, lero ndasanduka mbava? Ndikubwera komweko!"

Anyamata opalasa sanadikire. "Ndi a m'mudzi wa Ha Wan amenewa! Chaka chatha tinawapambana ndi utali wa nkhafi imodzi, mpaka lero akutukwanabe. Tiyeni tikawaphwanyire bwato lawo!"

"Amene aponde pamlatho wopita ku Ha Wan asadzakwerenso bwato langa," anatero a Fok. Anyamatawo anakhala pansi akung'ung'udza.

Azakhali a Mak anapita kwawo, nadzitsekera.

Sajeni Tam Siu-ha anafika limodzi ndi a Pun. Anali mayi wamfupi, wosakonda mawu ambiri. Anamvetsera onse, kenako anafunsa funso limodzi.

"Malaya achikasuwo, ndani ali nawo?"

Aliyense anayang'ana mnzake. A chaka chatha anali obiriwira.

"Sitinagawe," anatero a Pun pang'onopang'ono. "Akadali kwa wodinda, m'tauni."

4 koloko Sajeni Tam anali m'sitolo ya wodindayo. M'katoni munasowa malaya amodzi. Wantchito wake, Kwong Chi-fai, sanabwere kuntchito chiyambire m'mawa. Kunyumba kwa Kwong anapeza malayawo ali pampando, ndi kakhadi ka munthu wina wogula zinthu zamakedzana mumzinda wa kudoko. Kagalimoto koyera kanapezeka Lachitatu katasiyidwa m'munda wa nthochi. Apolisi anatchinga misewu yonse yotuluka m'derali. Kwong sanaoneke.

Timu inapitiriza kukonzekera ndi bwato lopanda mutu. Anthu a midzi ina podutsa pamlatho ankatembenuzira nkhope kumbali, ngati aona maliro.

Lachisanu, 9 koloko m'mawa, Sajeni Tam anabwera padoko la Tai Sha kudzauza a Fok kuti palibe chatsopano. Opalasa makumi asanu ndi limodzi anali atakhala kale m'bwato. Foni ya a Fok inalira. Anali a Szeto, mtsogoleri wa timu ya Ha Wan, amene sankalankhulana nawo chiyambire chaka chatha.

"Iwe nkhalamba, nthochi zinayamba liti kumera ndevu?"

"Ukuti chiyani?"

"Kwadutsa kabwato ka injini pano, kodzaza nthochi. Pansi pa masamba pakulendewera ndevu zoyera. Kalowa ngalande ya kwanu, kakuthamangira kumtsinje waukulu. Ife tikudulira njira ya kumunda wa bango."

Sajeni Tam anaimbira bwato la apolisi. Anamuuza kuti lifika pakatha mphindi makumi awiri.

"Kumtsinje waukulu ndi mphindi khumi," anatero a Fok. "Akafika kumeneko watayika pakati pa sitima. Mayi, mumachita chizungulire pamadzi?"

Sajeniyo anavula nsapato, nadumphira m'bwato.

Ng'oma inalira. Nkhafi makumi asanu ndi limodzi zinabaya madzi kamodzi. A Pun, amene anabwera ndi makatoni a zakumwa, anathamanga m'mbali mwa ngalande atavala suti, akukuwa mayina a opalasa mpaka mawu anawathera. Atapitirira mlatho wachiwiri opalasawo anakaona kabwatoko, kakufuka utsi wakuda. Kwong anacheuka. Anaona bwato lalitali lopanda mutu likum'bwerera, ndipo anakoka injini mpaka inalira ngati ikuphulika.

"Onjezani!" anakuwa a Fok. "Agogo anu ali pansi pa nthochi apo! Onjezani!"

Mpata unayamba kuchepa. Mamita zana. Makumi asanu. Koma madzi otambalala a mtsinje waukulu anali akuoneka kale patsogolo.

Pamenepo m'bango munatuluka ng'oma ina. Bwato lakuda la Ha Wan linapingasa ngalande yonse, mutu tsidya lino, mchira tsidya lija. Kwong anakhotera kumbali, nalowa m'namasupuni. Injini inatsamwa, nizima.

Kwong anaimirira, nakankha nthochi, nanyamula mutu wa chinjoka m'mwamba.

"Musayandikire! Ndiuponya m'madzi!"

Ng'oma zonse ziwiri zinaleka. A Fok anapukuta thukuta ndi mkono.

"Ponya, mphwanga. Ndi mtengo umenewo, uyandama. Nanga iwe umatha kusambira?"

Kwong anayang'ana madzi. Anayang'ana amuna oposa zana atagwira nkhafi. Anauika mutuwo pansi bwinobwino, nakhala pa mkoko wa nthochi. Sajeni Tam anawolokera m'kabwatoko wopanda nsapato.

"Kwong Chi-fai, manja kumbuyo."

"Wogula uja anandilonjeza ndalama, ma yuan zikwi mazana atatu," anatero Kwong. "Ndi thabwa chabe."

"Ukawauze amenewa," anatero sajeniyo, akuloza anyamata a Tai Sha. Kwong anapereka manja msanga.

Anauveka mutuwo pabwato pomwepo, pamadzi. Pobwerera mabwato awiriwo anayenda mogundana, wakubayo ali pakati, makombola akuphulika m'mbali zonse ziwiri za ngalande. Wogula zamakedzana uja anamugwira masana omwewo padoko la mumzinda, akudikira katundu wake. Patapita miyezi itatu khoti linapatsa Kwong zaka zisanu, mnzakeyo zinayi.

Koma madzulo a Lachisanu lomwelo, dzuwa lisanalowe, a Pun anayala matebulo mazana awiri pabwalo, naitana mudzi wonse wa Ha Wan. A Fok anapita okha kukagogoda kwa Azakhali a Mak, amene anali asanadye masiku atatu. Anawatsogolera mpaka padoko, nawapatsa kaburashi koviika mu utoto wofiira kuti adontheze m'maso mwa chinjoka, chidzuke. Chiyambire palibe mkazi amene anagwirapo ntchito imeneyo ku Tai Sha. Anadontheza utotowo m'maso onse awiri.

Tsiku la mpikisano Tai Sha inapambana mabwato khumi ndi asanu ndi atatu. Ha Wan inafika yachiwiri. A Szeto anakocheza pafupi, akupuma wefuwefu, nakodola a Fok.

"Chaka chamawa akakuberaninso, foni yanga idzakhala yothima."