Kakhadi ka Memori ka Malemu Wosindikiza

Lachiwiri, 8:10 m'mawa, Sajeni anapeza mwini shopu yosindikiza mapepala ali chafufumimba pansi pa tebulo, nkhongo itaphwanyidwa. Patebulopo panali kompyuta yakalekale, yachikasu ngati mano a wosuta fodya.

"Chasowa n'chiyani, mayi?"

"Kakhadi kowonjezera memori," anatero mkazi wa malemuyo. "Ankati akagulitsa kwa wogula zitsulo zakutha, akasungunule golide wake."

Pofika 10:30, abwana a Sajeni anali atamutsekera kale wazitsuloyo, n'kulamula kuti ikamakwana 4 koloko mlandu wakupha ukhale utamugwera.

"Ine ndimagula pa sikelo, bwana!" analira wazitsulo. "Ndiphe munthu chifukwa cha kanthu kopepuka kuposa supuni?"

Sajeni magazi anawira. Kumangirira munthu chingwe chifukwa choti malaya ake ngakuda! Anabwerera kushopu 1:15, nayatsa kompyuta ija. Inayaka mwakachetechete. Makina oterewa iye anakula nawo: ukazula khadi osasintha timaswichi ta m'kati, amalira ngati mbuzi. Atatsegula, anapeza timaswichi tasinthidwa, pamalo pa khadi patsekedwa bwinobwino ndi kachitsulo.

"Amakonza makinawa ndani, mayi?"

"Achimwene anga."

3:35, achimwenewo anali pampando m'chipinda chofunsira mafunso.

"Akulu," anayamba Sajeni, "mbava imazula n'kuliyatsa liwiro. Koma uyu wapha munthu, kenako wagwada pambali pa mtembo kumanga timasikuluwu tinayi ta kompyuta. Ukhondo wanji umenewu?"

"Ndiye ndikanaisiya yasa, ilowe fumbi?"

Achimwenewo anadziluma mlomo, koma madzi anali atatayika kale.

"Khadi lija ndinalidzutsa ine, miyezi isanu ndi iwiri, kachipangizo kamodzikamodzi. Fakitale yake inatsekedwa ndisanamere ndevu. Ndinawapempha, alamu, ndipatseni ine. Anaseka, ati zinyalala, n'kutenga pulayala kuti athyole mano agolide a khadilo ine ndikuona. Hamala inali pafupi."

"Khadilo lili kuti?"

"Kunyumba, m'kathumba kake. Chonde, anyamata anu asakaligwire ndi manja a thukuta."

Sajeni anamenya tebulo.

"Chikhalireni pano mwalirira fumbi, mwalirira thukuta. Mlongo wanu mwamusandutsa wamasiye uja simunamutchule n'kamodzi komwe!"

Anatembenukira wapolisi wa pakhomo. "Katulutseni wazitsulo uja. Abwana akafunsa, muwauze kuti kwatsala mphindi makumi awiri kuti 4 koloko ikwane, angathe kukapepesa okha."