Tepi Yoyera pa Ridyusa

Mgolo wotchezera mowa unali utang'ambika pakati, ndipo mwini nyumba anali gone chagada pakhomo la shedi, atafa. Mayi Sajeni, amene anachita kumerera imvi pa ntchito yofufuza milandu, anafika m'mawa womwewo n'kupeza mkazi wa malemuyo atamumanga kale.

"Mwam'mangiranji?"

"Ndiye anasonkha moto, bwana, kenako n'kuchoka," anatero konsitabulo. "Aneba akuti dzulo anatukwanana."

"Aa! Tikamanga onse otukwanana m'banja, panja pano patsala ndani? Iwe wemwe ulowa."

Zinawanyansa zedi. Munthu wangoferedwa kumene, misozi isanaume, unyolo uli kale m'manja! Koma popanda umboni wina, mayiyo mlandu wakupha unali wake basi.

Mayi Sajeni anagwada n'kuyamba kutola zidutswa. Polumikiza mapaipi ponse panali pomanga ndi mphira za chubu, ntchito ya mgwazo. Malo amodzi okha ndiwo anali osiyana: pa ridyusa, kachitsulo kolumikiza paipi yaikulu yochoka mumgolo ndi yaing'ono. Inali yatsopano, mazinga ake atakulungidwa bwinobwino ndi tepi yoyera. Anaisuzumira padzuwa, koma kuwala sikunadutse. M'kati munali mtovu tho! Nthunzi ikanatulukira pati?

Anayamba ndi mwini shopu ya zitsulo, amene aneba anati malemu anakangana naye posachedwa, n'kumuonetsa ridyusayo.

"Tinakanganadi, amayi, koma nkhani yake inali yomweyi. Ankafuna ridyusa yothina, ine n'kumuuza kuti atenge yamkuwa yotakata. Anachoka osagula, akuti mng'ono wake amusankhira. Paja mng'ono wakeyo ndi pulambala."

Masana pulambalayo anali m'chipinda chofunsira mafunso, maso ali psuu ndi kulira. Mayi Sajeni anaika ridyusa ija patebulo, gu!

"Mukuidziwa?"

"Zoterezi zili mbwee m'mashopu."

"Zomatidwa mtovu m'kati? Achimwene anu ankamanga ndi mphira. Inu munabwera kudzaononga, koma dzanja linakukanani. Mwakulunga tepi mwaukhondo ngati mukugwira ntchito kwa kasitomala. Manyazi mulibe?"

Bamboyo anayang'ana manja ake nthawi yaitali.

"Mwana wanga sakuona, amayi," anatero motsitsa. "Mnyamata wabwinobwino, anamwa mowa wa m'shedi muja n'kudzuka ali wakhungu. Nditakadandaula, alamu anandiyankha kuti sanamuitane."

"Ndiye mwati muphe mbale wanu?"

"Ayi! Achimwene sankayandikira moto, utsi unkawatsokomoletsa. Wokhala pamgolo masiku onse ndi alamu. Ine ndikanadziwa bwanji kuti lero apita ndi mwana wawo kuchipatala, n'kuwasiyira achimwene?"

Mayi Sajeni anaimirira, mtima ukuwawira.

"Ndiye mutaphonya ndi mgolo, munati tikumalizireni ife apolisi? M'mawa muja munaima pampanda, tikuwakweza alamu anuwo m'galimoto, inu kukamwa kuli chete!"

Bamboyo anangopereka manja kwa konsitabulo.

Akum'tulutsa, anakumana pakhonde ndi mlamu wake uja, atangomasulidwa kumene, asakudziwa kanthu. Mayiyo anathamangira kwa Sajeni n'kugwada.

"Amayi, chonde, awa asiyeni, ndi alamu anga. Ana anga atsala ndi bambo mmodzi yekhayu."