Ulusi Wofiira wa Yasmini

Yasmini ankakhala ku Mandimba ndi amayi ake. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna amayi asagwenso.

Amayi anali ndi matenda a mitsempha. Dzina lake ndi lalitali: esikelerozi mutipula. Tsiku lina mwendo unkakana. Tsiku lina diso linkachita chifunga. Ndiponso amayi ankaiwala.

Dotolo anali kutali, ku Cuamba. Amayi ankapitako kamodzi pa miyezi itatu.

"Muli bwanji?" ankafunsa dotolo.

"Ndili bwino," ankayankha amayi.

Basi. Ankabwerako ndi mankhwala omwe aja.

"Amayi, munagwatu pachitsime!" anatero Yasmini. "Simunanene?"

"Ndinaiwala, mwanawe. Komanso moni sayankha ndi madandaulo."

Yasmini anatenga singano. Anatenga kapulana, nsalu ya amayi. Mwendo ukakana, ankasoka ulusi wofiira. Diso likachita chifunga, ankasoka wakuda.

"Iwe! Kapulana yanga yabwinoyo!"

"M'mphepete mokha, amayi."

Tsiku lopita ku Cuamba linafika. Onse awiri anakwera chapa, kabasi kodzaza anthu ndi nkhuku.

"Muli bwanji?" anafunsa dotolo Antónia.

"Ndili bwino," anayankha amayi.

Mwana salowerera akulu akamayankhula. Koma Yasmini anaimirira, kapulana ija ili m'manja.

"Pepani, adotolo. Taonani apa. Wofiira ndi mwendo. Wakuda ndi diso."

Dotolo anayendetsa chala pansalu. Wofiira. Wofiira. Wakuda. Wofiira. Wofiiranso.

"Mayi, bwino wake ndi ameneyu?"

Amayi anaseka. "Kamwanaka kandiulula!"

Dotolo anayeza mwendo. Anayeza diso. Anasintha mankhwala.

"Piritsi limodzi m'mawa uliwonse," anatero. "Ndipo musamakhalitse padzuwa. Kutentha kumafooketsa mwendo."

"Ndiiwala ndisanakwere chapa," anatero amayi.

"Singano ndili nayo," anatero Yasmini.

Anasoka kapiritsi. Anasoka kadzuwa. Dotolo anamugwirira nsalu.

Kunyumba, amayi ankamwa piritsi m'mawa uliwonse.

Tsiku lina masana, amayi ankapeta chimanga pabwalo. Dzuwa linatentha kwambiri. Yasmini anafuna kuyankhula. Koma anadikira.

Amayi anapukuta manja pakapulana. Chala chinakhudza kadzuwa kaja.

"Ohoo!" anatero.

Ananyamula lichero. Anayenda okha mpaka pansi pa mango. Pang'onopang'ono. Sanagwe.

"Iwe telala," anaitana amayi, "bwera kuno. Mthunziwu utikwanira tonse."