Fulashi Yozulidwa Osatsanzika

Mtembo unapezeka Lachitatu, 2:10 masana, m'kaofesi ka kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Anali namwino wa pasitolopo, atagwa chagada pafupi ndi tebulo, bala lili kunkhongo. Kompyuta inali chiyakire.

Wofufuza milandu, bambo wa imvi woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, anayamba ndi mlonda, poti dzulo lake anthu anamumva akukangana ndi malemuwo.

"Inali nkhani ya makiyi chabe, bwana," anatero mlonda. "Nthawi ya nkhomaliro ine ndinali kometetsa. Taonani mutuwu."

Wometa anavomereza, mlonda n'kumasulidwa.

Lachinayi m'mawa mwini sitolo, yemwenso anali mlamu wa malemu, anabwera yekha kupolisi, maso ali psuu.

"Ndinachoka 12 koloko kukaoda katundu," anatero. "Sindinabwererenso mpaka mutandiimbira."

Wofufuza anayang'ana makiyi a galimoto omwe bamboyo ankaseweretsa m'manja. "Kali pamakiyipo n'kafulashi?"

"N'ka pasitolo. Sikanalowe m'kompyuta ija chiyambire mwezi watha."

"Tibwerekeniko pang'ono."

Mayi woona za makompyuta kupolisi atangokalowetsa, kompyuta yake inadandaula kuti fulashiyo ili ndi vuto.

"Iyi anachita kuzula," anatero mayiyo. "Mukamasunga fayilo, kompyuta imaoneka ngati yamaliza, koma zina imakhala yazigwira kaye, ikulemba pang'onopang'ono. Mukaitsanzika bwinobwino musanazule fulashi, imamaliza n'kutseka. Mukangozula, fulashi imatsala ndi chizindikiro choti sinatsekedwe, fayilo n'kudukira panjira."

"Yadukira nthawi yanji?"

"Dzulo, 1:07 masana. Kompyuta ya malemu ikunenanso chimodzimodzi. Theka la kalata ndalitola, nali."

Cha m'ma 3 koloko wofufuza anayala pepalalo patsogolo pa mwini sitolo. Inali kalata yopita kwa oyendera masitolo a mankhwala, yonena kuti mabotolo otha ntchito akumamatidwa masiku atsopano. Inathera pakati pa liwu.

"Mwati munachoka 12 koloko, achimwene. Nanga fulashiyi inafika bwanji pamakiyi anu?"

Bamboyo anapumira m'mwamba.

"Ndinabwerera, ndinaiwala foni. Ndinamupeza akulemba. Ndinati mlamu, tikambirane pachibale. Iye akuti mwana wa eni ali gone m'chipatala chifukwa cha ife. Ndinazula fulashi, anandikoka malaya, ndinamukankha. Anamenyetsa mutu pakona ya tebulo." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Kunyumba ndinayesa kutsegula kalatayo, inakana. Ndinangoti basi, yafa."

Wofufuza analemba zonse mosafulumira, n'kumupatsa cholembera kuti asayine.

"Bwana," anatero bamboyo, "mkazi wanga mukamuuza ndinu?"

"Ayi. Ali pabenchi panjapo, wabwera kudzafunsa amene wapha mng'ono wake." Wofufuza anaimirira n'kutsegula chitseko. "Mumuuze nokha."