Dzina Lachisanu m'Foni Yakale

Nthawi inali 7:40 m'mawa, Lachinayi, pamene Insipekitala Gerishon Nkhwazi anaimika njinga yamoto pansi pa mtengo wa manachesi, kumtunda kwa Ligowe. Mphepo ya Juni inkaluma makutu. Mbuzi zinkalira m'khola, ndipo kulira kwa mbuzizo ndi kumene kunachititsa mayi woyandikana ndi Mayi Callista kukankha chitseko chawo.

Mayi Callista anagona chafufumimba pabalaza, bala lalikulu lili kunkhongo. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, wa zaka 64, ndipo ankakhala okha. Dokotala amene anabwera ndi apolisi anati anamwalira dzulo lake dzuwa lisanafike paliwombo. Tsiku lonse ndi usiku womwe, palibe anawasowa kupatula mbuzi.

Gerishon ankaidziwa nyumbayi. Mu Febuluwale anaima pakhonde lomweli kudzanena kuti amuna awo, a Sosten, apezeka mumtsinje atakokoloka ndi madzi. Ngozi ya nthawi ya mvula, analemba choncho, nasaina yekha.

"Bwana, taonani ichi," anatero Konsitabo Constance Mpinganjira.

Pansi pa thupi panali foni yakale yosisita pagalasi, galasilo litang'aluka ngati ukonde wa kangaude. Simu munalibe. Patebulo panali kabokosi ka foni yatsopano, koma foniyo panalibe.

Panja, mwamuna wina wamfupi, wa mapewa otambalala, ankalira mokweza kuposa onse. Anali Jimu, msuweni wa malemu Sosten. Kwa zaka zambiri ankathandiza a Sosten pa geni ya zipatso, ndipo chimwalilire iwo ndiye ankathyolera amayiwo manachesi.

"Munawaona liti komaliza, a Jimu?"

"Lolemba, bwana. Dzulo ndinali kumunda kwanga tsiku lonse." Anapukuta mamina. "Ndi foni yatsopano ija yawaphetsa alamu anga. Mwana wawo Atikonda anawatumizira kuchokera ku Blantyre. Lachiwiri anapita nayo kwa Jeffrey wokonza mafoni pa Boma, ndipo ndamva kuti anakangana. Anyamata amenewa akaona foni mtima sukhala pansi."

Pofika 11 koloko Jeffrey anali atakhala kale m'chipinda chofunsira mafunso. Anali bambo wa ana awiri, wa kakontena kake pafupi ndi msika, ndipo mbiri yake sinali yoyera kwenikweni. Chaka chatha anapezeka ndi foni yomwe sanathe kufotokoza kochokera.

"Munakangana chiyani ndi amayi aja?" anafunsa Gerishon.

"Sikunali kukangana, bwana. Anabwera kuti ndiwaikire simu m'foni yatsopano. Nditaika, anaona kuti mayina mulibe, n'kuyamba kulalata kuti ndawatayira anthu awo. Ndinati ayi amayi, manambala anu simunasunge pasimu, ali m'mimba mwa foni yakaleyo. Bweretsani ndisamutse ndi bulututhi, mphindi ziwiri basi. Anakana."

"Chifukwa?"

"Akuti anthu sasamutsidwa ngati matumba a chimanga. Akuti ndikasamutsa ndekha, mmodzimmodzi, ndipo aliyense ndikamulemba ndimuimbira kumupatsa moni, adziwe kuti ndikadali moyo. Ndinaseka, bwana. Mlandu wanga ndi umenewo, ndinaseka. Anagula mayunitsi ambiri n'kumapita."

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Ndinatseka kontena. Ndinapita ku Mwanza kukagula magalasi a mafoni."

"Alipo anakuonani?"

Jeffrey anaweramitsa mutu. Anakwera njinga yamoto ya munthu wosamudziwa, ndipo lisiti sanatenge.

Kwa Constance nkhani inali yatha. Foni yasowa, wokonza mafoni watseka kontena tsiku lomwelo, umboni wa kumene anali alibe. Mkulu wa polisi nayenso anafuna failo ipite kukhoti Lolemba. Jeffrey analowa m'chitokosi, mkazi wake nakhala pansi kunja kwa mpanda ndi kontena ya chakudya pamiyendo.

Gerishon sanakhutire. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pantchitoyi zinamuphunzitsa kuti mlandu wobwera wosendasenda ngati nthochi, wina amakhala wakusendera. Nthawi ya 2:15 masana anatchaja foni yakale ija mu ofesi mwake, natsegula mayina. Analipo 68. Mayi Callista anali munthu waulemu ngakhale m'foni: pafupifupi aliyense anamuyamba ndi "a".

Anaimba dzina loyamba ndi foni yake.

"Abusa, kodi Mayi Callista anakuimbirani dzulo?"

"Eya, cha m'ma 10 koloko. Akuti akuyesa foni yatsopano. Anali osangalala zedi."

Dzina lachiwiri, Achemwali Rozina, anaimbiridwa itangopitirira 10. Dzina lachitatu, Adam wa ku Zalewa, wogula zipatso, anaimbiridwa 10:20. Dzina lachinayi, Amayi a Mvano, anacheza nawo mpaka cha m'ma 10:40, nkhani ya yunifolomu. Gerishon anadumpha lachisanu n'kuimba lachisanu ndi chimodzi, Anamwino.

"Ayi, ine sanandiimbire."

Lachisanu ndi chiwiri, ayi. Lachisanu ndi chitatu, ayi. Anaimba mpaka la khumi ndi chiwiri, yankho lomwelo. Anabwerera pa dzina limene analidumpha lija, nalipenya nthawi yaitali. Linalembedwa kuti: Amuna anga.

"Apa ndi pamene analekezera," anatero.

Constance anasuzumira. "Ndiye kuti wakuphayo analowa atangomaliza kucheza ndi a Mvano. Dzina ili anangolidumpha. Munthu angaimbire bwanji womwalira, bwana?"

Constance anali wa zaka 27, foni yake inkalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo sanali wolakwa kusadziwa zimenezi. Koma Gerishon mkazi wake Lonjezo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Chichokereni anasintha foni kawiri, ndipo kawiri konse nambala ya Lonjezo anaisamutsa ndi chala chake, asanasamutse ya wina aliyense. Ankaiimba Lamlungu akabwera kutchalitchi, nyumba ili zii, kungofuna kumva mawu a mayi wa pakampani uja akunena kuti nambalayi siikupezeka. Tsiku lina anayankha mwana wa ku Karonga. Gerishon anapepesa, nakhala pampando mpaka tiyi anazizira. Koma nambalayo sanaifufute.

"Amaimba," anatero chapansipansi. "Anati aliyense akamulemba amuimbira. Amuna awo sakanawadumpha."

Anaimba nambala ya a Sosten ija. Foni yozimitsa. Anatulutsa failo ya Febuluwale m'kabati, nawerenga zolemba zake zomwe: foni ya malemu sinapezeke, ikuoneka kuti inapita ndi madzi. Mawu akuti "ikuoneka" anamuchititsa manyazi. Munthu wa geni, amene Zalewa yense ndi theka la Blantyre ankamuimbira, nambala yake ikanangofa popanda woifunsa? Anaimbiranso Adam.

"Pepani achimwene, funso limodzi. Chimwalilire a Sosten, mukafuna manachesi a ku Ligowe mumaimba nambala iti?"

"Yomwe ija ya malemu. Amayankha a Jimu."

"A Jimu?"

"Eya. Anati amayi anawapatsa simuyo kuti makasitomala asabalalike. Tonse timaimba pomwepo. Koma kuyambira dzulo masana siikulowa, ndipo galimoto yanga ikudikira katundu. Mukawaona muwauze."

Gerishon anamupeza Jimu pamaliro nthawi ya 4:30, akuwaza nkhuni, akulamula anyamata poika mabenchi. Anabwera ku polisi mosavuta, akuganiza kuti akudzathira umboni pa Jeffrey.

"Ikani foni yanu patebulo, a Jimu. Chotsani chikuto."

"Bwanji kodi, bwana?"

"Chotsani."

Kuseri kwa chikuto kunali chiphaso chake, ndipo pansi pa chiphasocho panali kasimu. Munthu wanzeru akanakaponya m'chimbudzi. Koma inali nyengo ya manachesi, mitengo itawerama ndi zipatso, ndipo kasimu kameneko ndi kamene kankabweretsa magalimoto. Constance anakalowetsa m'foni ya Jimu, nayatsa. Gerishon anaika foni yakale ya Mayi Callista pambali pake, dzina lachisanu likuonekera pagalasi long'aluka, nawerenga nambalayo mokweza, imodzi imodzi, uku akudina pa foni yake.

Foni ya Jimu inalira. Inali nyimbo ya kwaya.

Palibe anaigwira. Inalira mpaka inaleka yokha.

"Simu iyi ndinalemba ndi dzanja langa kuti inapita ndi madzi," anatero Gerishon. "Ndiuzeni mtsinje unakubwezerani liti."

"Anandipatsa alamu."

"Adam munamuuza choncho. Ine amayi aja anandilirira pakhonde kuti ngakhale foni ya amuna awo sanaione. Mwana wawo ali panjira, timufunsa. Dzulo 10:40 m'mawa munali kuti?"

Jimu anayang'ana khoma. Kenako anayang'ana manja ake. Misozi ya nthawi ino inabwera popanda phokoso.

"Ndinapita kukathyola manachesi," anayamba. "Anandiitana m'nyumba kuti ndione foni. Anali atavala magalasi, foni yakale pamiyendo, yatsopano m'manja. Anati, alamu, ndafika pa achimwene anu. Miyezi inayi sindinalimbe mtima kuigwira nambala imeneyi, koma lero ndiwalowetsa m'nyumba yatsopano, ndiwagogodere kamodzi. Ndisanaganize chilichonse, m'thumba mwanga munalira."

"Anatani?"

"Anaseka kaye. Anati wina akukufunani, yankhani, ine ndidikira. Anadula, yanga inaleka. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anaimbanso. Sanakuwe, bwana. Anangofunsa kuti, a Jimu, amuna anga munawasiya pati? Anadzuka kulunjika kuchitseko. Mpini wa khasu unali pakona."

"Foni yatsopano ili kuti?"

"M'dzenje la zinyalala kuseri kwanga. Yakaleyo ndinaisiya. Ndinati yopanda simu siingalankhule."

"Nanga a Sosten?"

Mlandu suwola, ndipo uwu unali wa miyezi inayi yokha. Jimu anaufotokoza ngati munthu amene watopa kuusenza. Zaka khumi ndi ziwiri ankakwera mitengo, kusenza madengu, kugona pamsewu kudikira magalimoto. Ogula onse ankadziwa nambala imodzi, ya Sosten. Mu Febuluwale anapempha kuti amugawireko ogula atatu okha, ayambe zake. Anali pamtsinje, madzi atadzaza, chikwama cha Sosten chili paphewa pa Jimu monga mwa masiku onse.

"Anandiseka. Anati ndani angakuimbire iwe? Ngakhale dzina lako salidziwa. Ndinamukankha kamodzi kokha. Foni inatsala m'chikwama. Nditaitsegula kunyumba ndinafufuza mmene anandilembera. Msuweni wake, bwana, magazi amodzi. Analemba kuti Wamadengu."

"Mayi Callista anakulembani kuti Atate Jimu a kwathu," anatero Gerishon. "Ndinu dzina la khumi ndi chisanu ndi chinayi. Akanakuimbirani masana omwewo."

Jimu anaika mutu patebulo. Constance analemba nthawi: 5:52 madzulo.

Jeffrey anatuluka m'chitokosi dzuwa likulowa. Sanatukwane munthu. Anangolandira lamba ndi nsapato zake, mkazi wake namutsata pambuyo ndi chakudya chozizira chija. Gerishon anatenga failo ya Febuluwale, nadula mzere pa mawu akuti ngozi, nasainanso pambali pa siginecha yake yoyamba. Zinamuwawa. Akanafunsa funso limodzi lokha nthawi imeneyo, mbuzi zija zikanatseguliridwa Lachitatu.

Atikonda anafika pa minibasi yomaliza. Anali mayi wowonda, wa nkhope ya amayi ake, ndipo anamvetsera zonse ataimirira.

"Ndinawagulira foniyo kuti asamakhale okhaokha," anatero. "Ine kubwera kunkandivuta. Ntchito."



"Maliro ndi Loweruka," anapitiriza Atikonda. "Koma anthu a amayi sindikuwadziwa, bambo. Sindikudziwa woti ndimuuze."

Foni yakaleyo inali umboni wa kukhoti, siikanatuluka mu ofesi. Gerishon anamukokera mpando, naika foniyo patsogolo pake, pambali pa foni yake ya Atikonda.

"Onse ali umu. Anayi oyambawo anawapatsa kale moni. Dzina lachisanu mulidumphe."

Atikonda anapukuta galasi long'alukalo ndi nsonga ya chitenje. Analemba nambala yachisanu ndi chimodzi m'foni yake, pang'onopang'ono, nasunga dzina monga momwe amayi ake analilembera. Kenako anaimba.

"Anamwino? Muli bwanji? Ndine Atikonda, mwana wa Mayi Callista a ku Ligowe. Amayi amafuna kukuimbirani dzulo."