Mbewu ya Frackson

Frackson anachoka ku Mwanza atanyamula nthambi za manachesi, akuganiza kuti Mzuzu amulemeretsa. Mzuzu anangomupatsa chimfine. Tinthambi take tinkangowolera m'machubu kuseri kwa nyumba ya lendi ku Chibavi, pamene Willard wa ku Katoto ankagulitsa mitengo tsiku lililonse. Willard anali ndi mlamu wake mlangizi wa zaulimi, yemwe ankamupezera ufa woyera woviikamo tinthambi kuti timere mizu. Frackson atapemphako, anauzidwa kuti ufawo ndi wosowa. Nsanje inamudya mpaka kuwonda.

Mmawa wina wa nkhungu anapita kwa sing'anga m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina.

"Ufa ndili nawo, dada, wamphamvu chomene," anatero mkuluyo, akumupatsa kabotolo ka ufa wotuwa. "Ngakhale mpini wa khasu ungamere mizu. Koma mbewu yanu yonse ikhala yanga."

Frackson anaseka. "Ine ndimabzala nthambi, agogo. Mbewu ndichita nayo chiyani? Tengani."

"Yonse?"

"Yonse."

"Yewo," anathokoza mkuluyo, osaseka.

Ndimadabwa naye Frackson. Munthu wosajomba kutchalitchi, womva za mbewu ya Abrahamu kuyambira ali mwana, anaiwala kuti mawuwa sanena za njere zokha.

Tinthambi tinagwira tonse. Pasanathe zaka zambiri anagula malo ku Katoto, namanga nyumba ya malata moyang'anizana ndi Willard. Manachesi ake anali otsekemera, ndiponso opanda njere ngakhale imodzi. Ogula ankawayamikira chifukwa cha zimenezo.

Mkazi wake Selina anapita padera. Chaka chotsatira anapitanso padera. Anatsala ndi Mabel yekha, mwana wawo wa sitandade folo, ndipo mitengo itachita maluwa, Mabel anayamba kufota. Kuchipatala sanapeze matenda.

"Abambo ake a Mabel," anafunsa Selina tsiku lina akusenda nachesi, "chipatso chopanda njere chotere munachionapo kuti kwathu?"

Mantha anamugwira Frackson. Anathamangira ku Kaning'ina, botolo lili m'manja.

"Tengani ufa wanu. Ine ndinkanena njere."

"Inu munkanena njere," anatero mkuluyo. "Ine ndinanena kawiri kuti yonse."

Pobwerera, botolo likadali m'manja, anamva kulira asanafike pachipata.

Maliro a Mabel atatha, Selina anabwerera kwawo ku Mwanza. Frackson anagwetsa mitengo yonse ndi nkhwangwa, koma zitsa zinaphukanso. Kenaka anthu anayamba kumuona atakhala mu nazale, zovala zili mbuu. Anali atatenga pensulo ya Mabel, yolumidwalumidwa kumapeto, naiviika mu ufa uja ndi kuibzala m'chubu. Ankaithirira mmawa uliwonse.

"A Willard," ankaitana pampanda, "tabwerani muone ngati mwanangu wamera mizu."

Dyera limatseka makutu. Wofuna chuma cha changu amavomera mtengo asanaumvetse, ndipo amalipira ndi chinthu chimene sangachibzalenso.