Tiubweya Toyera pa Chikope cha Kanthenga

"Kameneko musakakhudze, ndapota nanu," mayi anachenjeza akutuluka kupita kuntchito. "Adokotala anati akachotsa okha mwezi wamawa."

Palibe anawalabadira. Mayiwa ankachenjeza za chilichonse: masitepe onyowa, chingwe cha ayironi, ngakhale minga ya nsomba yomwe sinagulidwe n'komwe.

Ankanena kachotupa kamene kanali m'mphepete mwa chikope cha mwana wawo wamng'ono. Kanali ngati njere ya mpunga, ndipo pakati pake pankatuluka tiubweya toyera, tofewa. Sikankapweteka. Adokotala anati ndi vuto losowa la pamene tsitsi limamera, koma losaopsa likasiyidwa. Kusukulu anzake anamutcha Kanthenga, ndipo iye analikonda dzinalo mpaka kulilemba pachikwama.

Koma mawa lake kunali kujambulitsa chithunzi cha kalasi.

"Asisi, simungandichotsereko tiubweyati kwa tsiku limodzi lokha?" Kanthenga anafunsa mkulu wake, amene ankagwira ntchito pa saluni.

"Iwe, ine ndimazula nsidze za anthu tsiku ndi tsiku. Ndiope tinthenga ta mwanapiye? Khala apa, usaphethire."

Mkulu wakeyo anatulutsa kachitsulo kake kozulira nsidze m'chikwama, n'kuzula kamodzi n'kamodzi. Kanthenga anadziyang'ana pagalasi, nayamba kuvina. Mawa lakelo chithunzi chinajambulidwa, ndipo anamwetulira kuposa onse.

Pofika madzulo a tsikulo, chikope chinali chitatupa ngati walumidwa ndi njuchi. Diso linatsala kamng'alu chabe, misozi ili chuchuchu.

Mayi sanakalipe. Anamukhazika pampando pafupi ndi zenera, n'kumamupukuta ndi kansalu koviika m'madzi ofunda. Kenako anatambasula zala zawo patsogolo pa nkhope yake.

"Ukuona zala zanga? Usandinamize, mwanangu."

"Ndikuziona, amayi. Mwinanso mukazichotsa pamphuno panga ndipumako."

Mayi anaseka mosafuna. Mkulu wake wa Kanthenga uja sanaseke. Anaima pakhomo la kukhitchini, akuyang'ana mayi akewo ngati akuwaona koyamba.

"Kuchipatala cha maso mzere umayamba kusanache," anatero pamapeto pake. "Inu mupite kuntchito, amayi. Ndimutenga ndine, tikwera basi yoyamba."

"Nanga mkwatibwi uja umati ukamukonza tsitsi m'mawa?"

"Amupese wina. Iwe Kanthenga, kapezeretu juzi, kunja kukakhala kukuzizira."